Nthiti za Apongozi pa Tsiku la Makuponi

Mayi Perpetua a kwa Lukwa anathyoka nthiti ziwiri atagwa pangolo pochokera kunazale ya fodya, ndipo tsiku logawa makuponi a fetereza linawapeza ali gone pamphasa. Mtima unali m'mwamba, chifukwa kuponi ikaphonya munthu wamasiye ngati iwo, ndiye kuti chaka chimenecho m'nkhokwe mugona makoswe okha. Podzuka anapeza mwana wawo Consolata palibe. Wowayang'anira anali mkamwini wawo Simeon, munthu woti ukamuuza kuti aone mwana, amamuonadi mpaka mwanayo agwere m'chitsime. Mwa mwambo sakanalowa m'nyumba ya apongozi kapena kuwayang'ana kumaso, choncho anakhala kunja kwa windo atafulatira.

"Bambo a Elube! Muli pomwepo?"

"Wawa, mayi."

"Lero ndikupita kusukulu kumene akugawa makuponi. Katengeni chiguduli ndi chingwe cha mabelo, mundimange pachifuwapa ndithine bwinobwino."

"Adokotala anakaniza. Akuti mukamanga simupuma mokwanira, ndiye chibayo chimalowa."

"Adokotalawo anamangapo belo la fodya? Belo likalimba silisweka panjira!"

"Zoona, mayi. Koma belo limayamba lalowa m'jeke kukadindidwa. Jeke anabwereka a Mphepo."

"Ndani wanena za jeke? Mukufuna mundidinde ine?"

"Ayi, mayi. Inu simungakwane makilogalamu ake."

Mayi Perpetua anakoka mpweya kuti amulalatire, koma m'nthiti munalasa ngati alowetsamo chisongole.

"Mayo ine!"

"Kumbatirani pilo! Anati mukamatsokomola kapena kuseka, pilo akhale pachifuwa."

"Sindikuseka, ndikukwiya!"

"Za kukwiya sananene." Simeon anakanda m'mutu. "Koma kumbatiranibe."

Kenaka pawindo panatulukira mkangala, mtengo woyanikira fodya uja, kunsonga kwake atamangirirako kapepala. Mwini mkangalayo maso ali kuthengo, moti unayamba wakagunda nyale, kenaka mphuno ya apongozi.

"Panado, mayi. Awiri."

"Awiri okha? Bweretsani paketi yonse ndimwe kamodzi, ntchito ithe!"

"Akuti ochuluka amaononga chiwindi. Awiri m'mawa, awiri masana, awiri madzulo. Chimodzimodzi fetereza, mayi, wokulitsa kaye, wobereketsa pambuyo. Mukathira yense tsiku limodzi mbewu imapsa."

"Eya, mwamutchula nokha feterezayo! Anzanga ali pamzere, ine ndili pano kumva ulaliki. Nanga bulufeni ndinagula kugolosale uja ali kuti?"

"Akuti kwa achikulire amakanda m'mimba, impso nazo sizimufuna. Consolata anabisa."

"Anabisa kuti?"

"M'thumba mwangamu."

"Ndiye ndipatseni!"

"Ndikakupatsani sakhalanso wobisika, mayi."

Mayi Perpetua anameza panado uja akukukuta mano. Pa akamwini onse a m'boma la Kasungu, alimi enieni, ena mpaka a njinga zamoto, mwana wawo anakasankha chitsa ichi! Kulima amalima, kumwa samwa, koma mutu wake uli ndi msewu umodzi wopanda mphambano.

"Tsopano nthawi yopuma kwambiri yakwana," anatero Simeon. "Kokani mpweya pang'onopang'ono mpaka udzaze, kuti mapapo asagone. Muzitsanzira ine. Fuuuu! Haaaa!"

Anafwenthera ngati ng'ombe yokoka ngolo pachitunda. Nkhuku zinabalalika. Mayi Perpetua anayesa kudzigwira, koma phwete linatuluka lokha, ndipo nthiti zinalipira pomwepo.

"Aaa! Mayo! Lekani, mundipha!"

"Uku ndiye kuseka, mayi. Pilo!"

Apa mayi aja zinawakwana. Anagwira khoma, nadzuka pang'onopang'ono, pilo ali m'khwapa, natsegula chitseko. Simeon atamva kulira kwa chitseko anadumpha n'kuthawira kumbali, paja mkamwini sakumanizana ndi apongozi panjira. Mayi Perpetua anaponya phazi, iye n'kusuntha. Anaponyanso lina, iye n'kulowa m'chigafa cha fodya. Nkhope ya mayi inawala. Kodi mlonda wake ndi wotere?

"Ndiletsenitu tione!"

"Kukugwirani sindingathe, mayi," anayankha ali kuseri kwa nsanamira. "Ndikukuletsani ndi pakamwa."

"Letsani."

"Musapite, mayi."

"Ndamva. Ndikupita."

Mayi Perpetua anafika pamtengo wa mango thukuta lili kamukamu, mpweya ukubwera wapatalipatali. Sukulu inali kutsidya kwa dambo, ndipo miyendo inawauza poyera kuti siikafika. Anachita mantha ndithu, koma akaganiza chimanga chachikasu chopanda fetereza, mantha a njala ankaposa a nthiti.

"Bambo a Elube, popani njinga. Ine ndikhala kumbuyo, inu muzikankha."

Simeon anafufuza m'mutu mwake.

"Za njinga adokotala sananene."

"Ndiye popani!"

Anapopa. Anayala chitenje pakaliyala, naimika njinga pambali pa chitsa kuti akwerere, khosi atalipotolera kumadzulo ngati wagona moipa. Mayi Perpetua anakweza phazi limodzi, akuluma mlomo.

"Funso limodzi, mayi. Tikakamupeza Consolata pamzere, tikaime kumbuyo kwake kapena pambali?"

Phazi lija linaima m'malere.

"Consolata akutani pamzere?"

"Akukulandirirani kuponi. Anapita m'mamawa ndi buku lanu lakuchipatala. A komiti anavomera dzulo kuti odwala atumize munthu."

"Ndiye chiyambire m'mawa, ine ndikubuula pano, inu mukudziwa?"

"Ee, mayi."

"Bwanji osanena?"

"Munati mukufuna kupita kusukulu. Simunati mukufuna kuponi." Anakanikiza tayala ndi chala. "Mpweya uli bwino. Tizipita?"

Mayi Perpetua anatsitsa phazi lija mosamala ngati dzira, nakumbatira pilo ndi manja onse awiri.

"Nkhalamba yothyoka nthiti mukufuna muikweze njinga, mabampu onse aja? Mulibe chisoni inu! Adokotala akamva zimenezi mukayankha nokha!"