Kompyuta Inakana Pasipoti Yanga

Moni abale ndi alongo mwa Ambuye, makamaka inu amene tili limodzi kuno ku Cape Town. Ndikufuna ndikuuzeni za ntchito imene inatsala pang'ono kundipulumuka m'manja chifukwa kompyuta inakana kundidziwa.

Kwathu ku Ntcheu ndinali mphunzitsi, koma kuno ndinatha zaka ndikuchapa ndi kusita kwa azungu ku Camps Bay. Tsiku lina mnzanga wa kutchalitchi ananditumizira uthenga pa foni yanga ya BlackBerry yosweka galasi. Anati bungwe lina lochita kafukufuku wa chifuwa chachikulu likufuna munthu wodziwa Chichewa. Iwo anali atajambula mawu a amayi a ku Malawi okhala ku Philippi, ndipo ankafuna wina womvetsera ndi kulemba zimene amayiwo ananena. Ananditenga, ndipo ndinatsanzika kwa abwana anga mokondwa.

Vuto linali loti mawuwo ankasungidwa pa netiweki ya makompyuta a bungwelo. Kuwatengera kunyumba kunali koletsedwa, poti zinali nkhani za matenda a anthu. Ndinkafunika akaunti yangayanga yolowera pa netiwekiyo, koma kompyuta yotsegulira akaunti inkafuna nambala ya chiphaso cha dziko lino. Nambala ya pasipoti inkangoilavula.

M'mawa uliwonse ndinkakwera sitima ku Maitland, kukafika, kukhala pa desiki n'kumayang'ana kompyuta ngati mlendo woyembekezera madzi osamba m'manja. Kenako adokotala otsogolera kafukufukuyo anandiuza mwaulemu kuti zikapitirira chonchi, ntchitoyo aipereka kwa wina amene ali kale ndi akaunti. Ku Camps Bay anali atalemba kale wina. Ndinachita mantha, abale, ndipo ndinamufunsa Mulungu ngati anandichotsa pa ntchito ija kuti andichititse manyazi.

Masana ena ndinakhala pa benchi kunja kwa ofesi ya makompyuta, ndikuimba chapansipansi nyimbo ya kutchalitchi kuti misozi isatuluke. Bambo wina wa imvi amene ankadutsa anaima.

"Mhamha, ndinu a ku Malawi?" anafunsa m'Chichewa chosakanizika ndi Chishona. "Sekuru anga, agogo aamuna, anachokera ku Dedza. Nyimbo imeneyo ankaimba akamameta ndevu."

Anali a Phiri, obadwira ku Zimbabwe, amene ankayang'anira netiweki yonse koma anali atangobwera kuchokera kutchuthi. Nditafotokoza anaseka. Anati nawonso analowa ndi pasipoti, ndipo pali akaunti ya alendo imene imatsegulidwa ngati wamkulu wa kafukufuku wavomereza kuti munthuyo ndi wake. Anaimbira adokotala aja ine ndili pomwepo, ndipo dzuwa lisanalowe ndinali nditasankha pasiwedi.

Ndinavala mahedifoni n'kutsegula mawu oyamba. Mayi wina anayamba ndi kuti, "Muli bwanji?" Ine ndinayankha mokweza kuti, "Ndili bwino, kaya inu!" Ofesi yonse inatembenuka, ine osasamala.

Mpaka lero ndili pomwepo. Pasiwedi ndimaiiwala kawirikawiri, ndipo a Phiri amati tsiku lina adzandilipiritsa nkhuku. Ndimathokoza Mulungu amene anaimitsa munthu ameneyu pa benchi ija. Inu amene khomo lakukanani chifukwa ndinu mlendo, musafulumire kubwerera. Pempherani, ndipo mawa mupitenso.