Mano a Pakhoma

Kale, boma la Lundazi lisanadzaze chonchi, munthu ukaima kumsika unkaona munda wanga wa mbatata, pomwe lelo pali midadada ya nyumba za lendi mukukhalamo inu. Sendelani kuno kumthunzi, ana inu, ndikuuzeni za njelwa zotulukila pakhoma apo, zomwe mumakolekapo matawulo anu.

Ife amisili timazitcha mano. Ukamanga nyumba sutseka ngodya, umasiya njelwa zitatuluka motelo kuti chipinda chamawa chidzalume pomwepo. Nyumba iyi tinamanga ndi mkazi wanga NyaZimba titangochoka kumudzi ku Magodi, ndipo masiku amenewo malo unkangopempha, anzako n'kubwela kudzaponda dothi, malipilo ake mphika wa thobwa. Mano akum'mawa ndinasiyila mwana wathu Yotamu, kuti akadzakwatila adzalumikize chake.

Koma Yotamu anapita ku Lusaka. Chaka chilichonse ankati abwela mvula ikatha, ndipo mvula inkatha, udzu n'kuuma, mano ali chiyang'anile kumsewu.

M'menemo tauni inakula. Anabwela aphunzitsi, anamwino ndi ogula fodya, nyumba zinachepa, ndipo eni ake ankakweza lendi mmene afunila, poti madzi akachepa pachitsime mwini chitsime amasanduka mfumu. Anzanga anayamba kudula mapuloti awo n'kumanga zipinda. Ine ndinakana. Ndinkati pakhomo si pamsika.

Tsiku lina kunafika mtsikana wochokela ku Chipata, mphunzitsi, mwana kumsana. Anapeleka moni wa Chitumbuka wophunzila m'basi, mpaka NyaZimba anabisa kumwetulila. Anati akugona m'kalasi, akumayalula mphasa ana asanafike, ndipo anafunsa ngati tili ndi chipinda. Ndinayankha kuti malo alipo koma ali ndi mwini wake.

Atapita, NyaZimba anandifunsa:

"A Nyirenda, mano amenewa mukusungila ndani? Mwana wathu ali ndi denga kumene aliko. Uyu alibe."

"Nanga akabwela?"

"Akabwela mudzamusiyila ena. Kodi njelwa zinatha m'dziko?"

Ndinaumba njelwa chilimwe chomwecho, ndipo tsiku lolumikiza khoma pa mano a Yotamu aja ndinkadziwa kuti ndikuvomela kuti Yotamu sadzakhalanso pano. Mphunzitsi uja analowa. Kenako ndinamanga chipinda china, aneba nawonso anamanga, mpaka zipinda zinachuluka moti mwini nyumba wina wamwano kuseli kuno anayamba kutsitsa lendi yekha, n'kumapatsa moni anthu ake a lendi. Mbatata zinapita, mtengo wa mango umene unali pakhomo pano unapita, ndipo masiku ano wopempha malo amayamba waonetsa m'thumba. Ndimaulakalaka mthunzi uja, sindinama. Koma mwana amene anali kumsana uja ndi uyu wakhala apayu, akuseka ngati sakudziwa kuti ndikunena iye.

NyaZimba atatisiya, Yotamu anabwela kudzaika malilo a mayi ake n'kubwelela. Pochoka anaima pangodya pomwe ndinasiya mano atsopano, nagwila njelwa imodzi.

Choncho mukadzamanga zanu, ana inu, musadzatseke ngodya. Siyani mano, koma musawalembe dzina. Awo mukuwaonawo ndinasiya dala, ndipo matawulo anu sandivuta. Kungoti Yotamu akadzatulukila pamsewupo, mudzachotse matawulowo msanga.