Mvula ya Mkazi Wanga Inathera M'kabokosi

Awulutsi, ndine bambo wamasiye wa ku Sinda. Malemu mkazi wanga ankalemba pamapepala chaka ndi chaka tsiku limene mvula yayamba ndi nshawa zimene takolola. Akamwini anga anakopera zonsezo m'pulogalamu yowerengetsera yotsegula pa intaneti, akuti imakhala m'kabokosi kakekake. "Atate, mapepala ndi zachikale," anatero, n'kuyatsira mbaula mapepala a malemuwo.

Atatseka tsamba la pa intanetilo, zonse zinafufutika. Kabokosiko kamadzisesa kokha munthu akapanda kusunga kwina, ndipo iwo ankadziwa zimenezo. Anangoseka, amvekere, "Tidzalembanso." Tidzalembanso ndi dzanja la ndani?

Ndinawakhululukira, poti Mawu a Mulungu amatilamula kutero. Koma akatswiri oterewa, ngakhale khasu langa sindingawabwereke.