Basi Inandisiya Ndili ndi Mbale ya Bowa M'manja

Abale ndi alongo mwa Ambuye, moni nonse, amene mumandidziwa ndi amene mwangoupeza uthengawu pa foni ya mnzanu. Ine ndine Enelesi, mkazi wa ba Tembo, amene amaphunzitsa pa sukulu ina kufupi ndi Chinyunyu kuno ku Rufunsa. Lero ndifuna kuchitira umboni za matenda amene ngakhale ku chipatala cha Mpanshya alibe mankhwala ake, matenda osowa anzako. Musaseke ayi, chifukwa ine anatsala pang'ono kundipasulira banja.

Ndinakulira ku Lusaka, ndipo amene ankandidziwa kumeneko angakuuzeni kuti pakamwa panga sipatsekeka. Ndinkaluka tsitsi pa saluni ya mkulu wanga, manja ali pamutu pa kasitomala, nkhani zili pakamwa, mpaka dzuwa kulowa. Loweruka silinkandipeza panyumba. Kukapanda ukwati ndiye kuli netibo ndi azimayi a kumpingo, kukapanda netibo ndiye tili kumsika kungozungulira. Ndiye boma litatumiza amuna anga kuno, ndinauza aliyense kuti musandidere nkhawa, ine mungandiponye pena paliponse ndipeza anzanga. Kudzitama kumeneko, mwandi!

Tinafika nthawi yotentha, mitengo ili gwa. Nyumba yathu ili payokha kuseri kwa sukulu. M'mawa ba Tembo akangotuluka kupita kukalasi, m'nyumba munkangoti zii. Ndisanamizire anthu a kuno, palibe anandichitira nkhanza. Vuto linali ulemu. Aliyense wondiona ankapinda mawondo, "Mwauka bwanji amadamu," n'kupitirira. Ndikafika pachitsime, azimayi amene ndinawamva ndili patali akuseka ankasiya nkhani, n'kuchotsa ndowa zawo pamzere kuti amadamu atunge msanga. Ine ndinkafuna kuima pamzerewo, ndichedwe nawo, ndimve zimene akusekazo, koma ndinkapezeka ndatunga kale ndipo ndilibe chifukwa chokhalira. Ndikangotembenuka, nkhani zinkayambiranso m'Chisoli, chilankhulo chimene sindinkamva n'komwe. Kutchalitchi nako anandiikira mpando kutsogolo, anzanga onse ali pabenchi kumbuyo. Ulemu umenewo unali ngati mpanda.

Ndinayesa kumawongola miyendo madzulo, monga tinkachitira kutauni. Awe, sizinatheke. Wanjinga aliyense ankaima n'kufunsa ngati kunyumba kuli matenda, ena mpaka kundikakamiza kuti andikweze. Kuno munthu sayenda wopanda kumene akupita. Ndinachita manyazi, ndinasiya. Ndinayamba kugona masana ngati wodwala, ndikadzuka n'kukaima pachulu pamene netiweki imagwira, kumaona zithunzi za anzanga atavala zofanana pa maukwati amene ine kunalibe. Ndinafika polankhula ndi nkhuku. Zitenje zinayamba kundizungulira kawiri.

Amene anavutika kwambiri ndi ba Tembo. Iwo ndi munthu wofatsa, wa mawu ochepa, ndipo akaweruka ankafuna kupuma. Koma ankapeza mkazi amene wasunga mawu a tsiku lonse, ndipo mawu akakhalitsa m'kamwa amasasa. Ndinkawayamba pa zinthu zopanda mutu, sopo, nsapato pakhomo, ngakhale kutsokomola kwawo. Mkulu wanga pa foni ankangoti, "Bwerako iwe, mpando wako pa saluni ulipo, udzafera chiyani kuthengo?"

Mvula itayamba ndinawauza amuna anga kuti ndifuna ndipite ku Lusaka ndikapumeko. Sanakane. Koma anaona ndikulongedza ndi yunifomu ya kumpingo yomwe, ndi zipeso zanga zonse zolukira, ndipo tonse awiri tinadziwa kuti munthu wokapuma sanyamula chomwecho. Sindinawade amuna anga, Mulungu ndi mboni. Ndinangotopa ndi kukhala ngati kulibe.

M'mawa wa ulendowo ndinagwada pafupi ndi sutikesi. Pemphero langa silinali lokongola, linali la munthu wokwiya. Ndinati, Ambuye, chiyambire kufika kuno palibe wanditchulapo dzina kupatula mwamuna wanga. Ngati mufuna banjali likhale, ndipatseni munthu mmodzi chabe woti azinditchula Enelesi, osati amadamu. Ndinati ameni, koma kunena zoona sindinayembekezere kanthu. Ba Tembo ananyamula sutikesi mpaka kumsewu waukulu, anaiika pansi, anati muyende bwino, n'kubwerera kusukulu osacheuka.

Nthawi ya mvula m'mbali mwa msewu umenewu mumakhala azimayi ogulitsa bowa. Amauika m'mbale, ndipo galimoto ikaima amathamangira kumawindo. Tsikulo kunayamba kuwaza, ndipo mmodzi wa iwo, mayi wamfupi wa mawu ngati belu, anandikodola kuti ndibisale pansi pa pepala la pulasitiki limene anamanga pamtengo. Amenewo ndiwo amake Rute, ngakhale panthawiyo sindinkawadziwa. Anali ndi mbale zambiri za tente, bowa woyera uja waukulu, chifukwa ankagulitsiranso mnzawo amene anapita ndi mwana kusikelo.

Posakhalitsa minibasi ya ku Lusaka inaima, kondakitala akukuwa kuti malo atsala a munthu mmodzi. Ine ndinawerama kuti ndinyamule sutikesi. Pomwepo anthu m'basimo anayamba kuitana bowa mawindo onse, uku ndi uku, ndipo amake Rute manja anawachepera. Sanaganize kawiri. Anangondiika mbale m'manja n'kunena kuti, "Gwirani apa imwe, thamangirani windo lakumbuyo, asatithawe makasitomala!"

Abale anga, chiyambire kufika ku Rufunsa palibe anali atanditumapo. Miyendo inathamanga yokha. Ndinafika pawindo, ndipo pakamwa paja panatseguka ngati mpopi. Ndinauza bambo wina kuti tente ameneyu akakafika naye kunyumba, akazi awo akawakhululukira zonse zimene analakwa chaka chino. Basi yonse inaseka, bamboyo anagula, mayi wapafupi naye anafunanso. Ndinathamangira mbale ina. Ndili pakati pokhuthulira bowa m'pepala, ndinamva chitseko chikutsekedwa. Malo aja anali atakhalapo mnyamata wina wa thumba la makala, ndipo basi inanyamuka. Ndinatsala chiimire pamsewu, mbale yopanda kanthu m'manja, sutikesi ili pansi pa mtengo.

Amake Rute anagwira pakamwa. "Mayo ine, ndakuphonyetsani basi! Pepani amadamu." Koma azimayi enawo anali atagwa nacho chiseko, ndipo ine ndinapezeka ndikuseka nawo mpaka misozi. Anandikhazika pa chigubu kuti ndidikire ina. Ina inabwera yodzaza. Inanso itabwera, ndinali nditanyamula kale mbale ziwiri. Amake Rute anandifunsa dzina, ndinawauza, koma tsiku lonselo anapitiriza kunditchula amadamu. Dzuwa litapendeka anati, "Poti ulendo wakanika lero, mawa tiyeni kuthengo mukaone kumene bowa amachokera. Ku Lusaka mudzapita mkuja."

Ndinabwerera kunyumba sutikesi ili pamutu, bowa wa mphatso ali m'manja. Ba Tembo poweruka anandipeza ndikukazinga anyezi. Anaima pakhomo n'kufunsa ngati basi sinabwere. Ndinati inabwera. Anati nanga bwanji? Ndinati ndinali ndi mbale ya eni ake m'manja. Tsiku limenelo anadya ngati abwera kumunda.

M'mawa mwake tinalowa m'thengo, gulu la azimayi ndi madengu. Ine amene ndinkati ndimadziwa kuyenda, ndinaona kuti kutauni tinkangoseweretsa nsapato. Tinakwera timapiri, tinawoloka kamtsinje madzi ali m'mawondo, mame atanyowetsa chitenje chonse. Fungo la nthaka yonyowa, mbalame, mphepo yozizira pankhope, ndinamva ngati chifuwa chatseguka. Amake Rute anandiuza lamulo limodzi lokha. M'thengo anthu amamwazikana, aliyense maso ali pansi, ndiye pakapita kanthawi amaitanizana mayina. Ukamva lako uyankhe msanga, chifukwa ukapanda kuyankha onse amasiya kuzula n'kuyamba kukufuna.

Ine ndi changu changa ndinaona bowa wokongola, wonyezimira, wina apa wina apo, ndipo ndinamutsatira osadzutsa mutu. Pamene ndinkaweramuka, panalibe munthu. Mitengo yonse inali yofanana, kumene ndachokera sindikudziwa. Ndinaganiza za njoka, ndinaganiza za mkulu wanga ndi mawu ake oti udzafera kuthengo.

Ndiye ndinamva kuchokera kutsidya kwa chigwa, mawu aja ngati belu. "Ba Enelesiii! Uuu!" Wina anapokera kumanzere, "Ba Enelesiii!" Winanso kumtunda. M'thengo simungakuwe kuti amadamu, pamafunika dzina lenileni la munthu. Ine ndinapempha munthu mmodzi, koma thengo lonse linkaitana dzina langa.

Ndikuuzeni chimene ndinachita, museke bwino. Sindinayankhe. Ndinakhala pansi pa mtengo, dengu pamiyendo, misozi ili chuchuchu, ndikufuna ndimvenso. Anaitananso, ine ndili chete, ndikungoti zikomo Yesu, zikomo Yesu. Ndinayankha mawu awo atayamba kumveka mantha. Atandipeza, amake Rute sanapinde mawondo ayi. Anandikalipira ngati mng'ono wawo. "Imwe ba Enelesi, makutu muli nawo kapena munasiya ku Lusaka? Tataya nthawi chifukwa cha imwe!" Sindinakondwerepo ndi kukalipiridwa ngati tsiku limenelo. Kenaka anasuzumira m'dengu langa n'kukhuthula theka lonse pansi. Bowa wonyezimira uja anali wakupha. "Safunsa anadya phula," anatero, "uyu mukanapha naye aphunzitsi athu, ana n'kusowa wowaphunzitsa." Mpaka lero akafuna kundiseka amandifunsa ngati ndiwo za ba Tembo zayesedwa.

Mkuja uja wa ku Lusaka sunafike. Ndinapitanso kuthengo, n'kupitanso. Bowa atatha tinayamba zina, chifukwa kuno chaka chili ndi zochita zake, kungoti ine ndinkaziyang'anira pawindo. Tinakolola chimanga m'minda ya wina ndi mnzake. Nthawi yozizira anandiperekeza ku akasupe a madzi otentha a ku Chinyunyu, amene anthu amachokera kutali kudzaona pamene ine ndinkakhala nawo pafupi osapitako. Masuku atapsa tinabwereranso kumapiri. Ine nanenso ndinabweretsa zanga. Tinasesa kabwalo kuseri kwa sukulu, tinamanga zingelengele pamitengo iwiri, ndipo manje Loweruka masana timamenya netibo. Amake Rute ndi afupi koma musawayese, amalumpha ngati ali ndi masipuling'i. Zipeso zija zinatuluka m'sutikesi, ndimaluka azimayi pansi pa mtengo wa mango, ndipo Chisoli ndayamba kumva, makamaka akamandinena. Pachitsime masiku ano palibe amandichotsera ndowa. Ndimaima pamzere ngati wina aliyense, ndipo nthawi zina ba Tembo amachita kutuma uthenga kuti madziwo akufunika lero lomwe.

Ku Lusaka ndinapita ndithu, kukaona mkulu wanga, ndi kachikwama kakang'ono. Anandiyang'ana n'kunena kuti ndanenepa. Nditagona masiku owerengeka ndinayamba kudera nkhawa timu yanga, ndinabwerako.

Ndikuthokoza Mulungu amene sananyoze pemphero la munthu wokwiya. Ndinkaganiza kuti akandiyankha adzasintha maganizo a boma kuti litibwezere kutauni, koma Iye anangondiika mbale ya bowa m'manja. Ndikuthokozanso amake Rute ndi azimayi onse a kumsewu. Inu amene mwatumizidwa kumalo achilendo, kapena mwatsatira amuna anu kapena akazi anu, ndipo mukuona ngati anthu akukuthawani, musafulumire kulongedza. Mwina nawonso akukuopani. Tulukani, pitani kumene iwo ali, ndipo wina akakutumani musakane. Inunso eni mudzi, mlendo musamangomupatsa mpando, mupatseniko ntchito.

Ndimalize ndi ichi. Tsiku lina m'mawa azimayi anafika kumpanda akukuwa dzina langa kuti tizipita kuthengo, ndipo ndinaona ba Tembo akumwetulira okha pakhonde. Ndinawafunsa chimene akusekerera. Munthu wa mawu ochepa uja anandiuza zimene anali asanandiuzepo, kuti tsiku la sutikesi lija sanaphunzitse kanthu. Anangowapatsa ana ntchito yolemba, iwo eni n'kuima pawindo, ndipo galimoto iliyonse ikamveka kumsewu ankati mumtima, ndi imeneyo yamutenga mkazi wanga. "Ndiye akamakuitanani chonchi," anatero, "ine ndimadziwa kuti madzulo mubwera."

Ndinayankha azimayi aja mokweza, ndinanyamula dengu. Ambuye alemekezeke. Ameni.