Ululu Usanayambe

Tsiku limene a Wilson anachotsedwa chotupa cha mafuta pamimba, iwo ndi akazi awo, a Felesiya, anakhala pakhonde la golosale pa Nathenje kudikira matola a ku Mitundu. Adokotala anali atawabaya jakisoni wa dzanzi mozungulira bala, ndipo anamwino anapatsa a Felesiya mapiritsi ndi lamulo limodzi lokha, lakuti bambowo amwe ululu usanayambe.

"Bambo a Idesi, nthawi ili bwanji?" anafunsa a Felesiya, akumasula mfundo ya pachitenje momwe anamangamo mapiritsiwo.

"Hafu pasiti thu."

"Ndiye imwani. Anati dzanzi litha cha m'ma fili koloko."

"Ndimwe chifukwa chiyani? Ndikudwala ine?"

"Akung'ambani m'mawa womwe uno. Ndinali panja, ndinamva lumo."

"Munamva lumo, koma kulira munakumva?"

"Ayi."

"Basitu." A Wilson anadzimenya pamimba kawiri ndi chikhatho. "Mwaona? Ngati ndikumenya thumba la chimanga cha eni ake. Ululu anauchotsera limodzi ndi chotupa. Unapita m'beseni."

A Felesiya anaganiza kaye. Beseni analiona, ndipo munali chotupa chokha.

"M'beseni munalibe," anatero. "Anamwino anati wangogona."

"Aa, ngati wagona, muudzutsiranji?"

"Sindikuudzutsa. Ndikufuna ukamadzuka upeze mankhwala afika kale."

"Kodi munaonapo munthu akuzima nyumba isanapse?"

"Nyumba anamwino sanaitchule."

A Wilson anapukusa mutu. "Mayi a Idesi, ano ndi masiku a matipate. Zokakamizana zinatha ndi makhadi a chipani. Kale munthu sumalowa mumsika popanda khadi, lero ndisakwere matola popanda piritsi?"

"Ndi awiri."

"Chiyani?"

"Mapiritsi. Ndi awiri, osati limodzi. Ndagulanso sikono yoti mutsirirepo."

"Sikonoyo bweretsani."

"Imayendera limodzi ndi mapiritsi."

"Ndiye zikhale zonse. Ndikafika ku Mitundu ndikufuna a Patson ndi anzawo a pabawo aone kuti ndabwera ndi miyendo yanga, osamwa kanthu. A Patsonwo anangochotsedwa dzino koma analira sabata yathunthu."

"A Patson analibe wowasungira mapiritsi."

"Inu, ndati sindikumva kanthu."

"Nthawi ili bwanji tsopano?"

"Mwandisandutsa wailesi kodi?"

Pomwepo lole ya fodya inadutsa mumsewu n'kusiya fumbi. A Wilson anakwinya mphuno, anayesa kudzigwira, koma anayetsemula. Kenaka anangokhala duu, pakamwa pali yasa, dzanja lili m'malere. A Felesiya anali atakhala nawo zaka makumi atatu, ndipo nkhope imeneyo anaiona komaliza tsiku limene ng'ombe inawaponda phazi.

"Mayi a Idesi," anatero a Wilson ndi mawu aang'ono. "Aja muli nawo pafupi?"

"Ati?"

"Awiri aja."

"Kodi wayamba?"

"Wadzuka. Wadzuka ndi abale ake omwe."

"Iii, pepani." A Felesiya anamanganso mfundo ya pachitenje bwinobwino.

"Nanga mukumangiranji?"

"Anati mumwe usanayambe. Za utayamba sananene."

"N'chimodzimodzi."

"Chikanakhala chimodzimodzi sakanabwereza katatu. Mwina mukamwa mochedwa amakangana m'mimba. Ine sindikufuna kupha munthu pa Nathenje."

"Ndine mwamuna wanu, ndikukulamulani."

"Mwati zokakamizana zinatha."

"Zina zinatsalako."

"Tibwerere kuchipatala tikafunse. Minibasi yopita kumeneko ndi iyo ikudzazayo."

A Wilson anayang'ana minibasi, anayang'ana maenje a mumsewu, n'kutsinzina. Matola a ku Mitundu nawo anali atatulukira pakona, akudumpha ngati mbuzi. Thukuta linatsika m'masaya mpaka m'kolala. Anapuma pang'onopang'ono, n'kukhala tsonga, ataluma mano.

"Mayi a Idesi."

"Wawa."

"Ndinalakwitsa. Unali mpweya chabe. Ululu sunayambe."

"Zoona? Nanga misoziyo?"

"Ndi fumbi."

"Tadzimenyaninso pamimba ndione."

A Wilson anakweza dzanja, n'kulitsitsa mofatsa pabondo.

"Sindikumva kanthu ngakhale pang'ono," anatero monong'ona. "Masulani msanga chitenjecho."