Mbiri ya Bambo Avelino Kamtedza, Mlembi Wokana Zakumva

Malemu Bambo Avelino Fabião Kamtedza anabadwa pa 12 Março 1944 m'mudzi wina wa kumpoto kwa Furancungo, m'boma la Macanga. Anali oyamba mwa ana awiri a Bambo Fabião Kamtedza, amene anatisiya kale, ndi Mayi Lucrécia, aNambewe. Ine ndaima pano ndine Bernardo, mlamu wawo. Mbiri yotere amayenera kuwerenga ndi eni mbumba, koma atsibweni awo nkhondo inawamwaza, ndiye mundikhululukire pomwe ndiphonye. Ndineneretu kuti pali chinthu chimodzi chatizunguza mitu pabanja mpaka m'mawa uno. Sitimadziwa ngati dzina la mayi awo a malemu tiliwerenge pamodzi ndi amoyo amene asiyidwa kapena pamodzi ndi amene anatsogola. Ndikafika pamenepo mumva mmene tamangira.

Anayamba sukulu ya mishoni mu 1953 ndipo anamaliza kwarta kalasi, kalasi yachinayi, mu 1958. Nthawi ya dzinja mayi awo ankawaolotsa mtsinje atawabereka, miyendo ikukwakwaza m'madzi, kuti kabuku kasanyowe. Aphunzitsi anawakonda chifukwa cha dzanja lawo. Amene munalandirapo pepala lolembedwa ndi iwo mukudziwa kuti zilembo zawo zinkaongoka ngati mizere yokoka ndi chingwe.

Mu 1966 anabwera ku Ntengo-Wambalame kudzagwira ntchito yaulembi pamalo ogulira mbewu. Kumeneko ndiko anaona mlongo wanga Emília, aNangozo, ndipo anadalitsa ukwati wawo m'tchalitchi pa 20 Setembro 1969. Ndisanamize anthu pamaliro: khasu silinkawadziwa alamu angawa. Munda umene tinawapatsa, udzu unkawaposa msinkhu, ndipo tinkawaseka kuti tapeza mkamwini wolima ndi kaneta, cholembera chawo chija. Iwo ankaseka nawo, osakwiya. Mulungu anawapatsa ana asanu, mmodzi n'kumutenga ali khanda.

Mu 1976 analowa ntchito ya boma ku Furancungo, yolemba obadwa ndi omwalira. Anagwira bwino zaka khumi. Nkhondo itayandikira mu 1986 anatumiza uthenga kumudzi kuti mayi awo abwere athawire limodzi. Mayi anayankha kuti ayambe atuta chimanga cham'munda. Asanamalize kututa, njira inatsekeka. Malemu anawolokera ku Malawi ndi mkazi ndi ana, ndipo mlongo wawo, Mayi Laura, anathawa ndi njira ina n'kukapezeka kumsasa wa othawa nkhondo. Kuyambira mwezi wa Agosto chaka chimenecho, palibe wa ife amene anawaonanso aNambewe.

Mu 1988 boma linawaitana kuti adzagwire ntchito ku Konselyu, khonsolo ya kuno ku Tsangano. Ambiri tinawaletsa, ine ndemwe, pakuti mfuti zinali zisanatonthole. Anabwerabe. Anapeza nyumba ya ntchito yopanda zitseko, mabuku onse ali phulusa. Anayamba atatu, iwo, Mayi Graça ndi Bambo Augusto, thebulo lawo lili chitseko chosanjika pa njerwa.

Pali cholakwa chimene chinachitika mu 1989, ndipo malemu anandipempha okha kuti tsiku ngati lino ndisachibise. Eni nkhani nawonso andilola. Kunabwera mayi wina wofuna pepala losonyeza kuti mwamuna wake, Bambo Xavier, anamwalira. Anabwera ndi anthu awiri amene ananena kuti anamva zoti bamboyo anaphedwa panjira akuchokera kogula mchere. Malemu anamva chisoni poona ana amene mayiyo anali nawo, nalemba pepalalo n'kudinda chidindo. Achibale ataona pepala la boma anakhulupirira. Analira maliro, anameta, anamusudzula mayiyo, ndipo patapita nthawi anakwatiwa kwina. Chaka chisanathe Bambo Xavier anatulukira, owonda, mapazi ali ming'alu yokhayokha. Anthu a mfuti anali atawagwira kuti aziwasenzera katundu. Anapeza akazi awo ali oyembekezera kwa mwamuna wina.

Alamu anga anatha sabata osadya bwino. Anayenda wapansi kukapepesa kwa Bambo Xavier, nagwada pabwalo anthu akuona, munthu wa boma. Koma madzi akatayika saoleka, ndipo banja lija silinabwererane. Bambo Xavier anakhululuka patapita miyezi, ndipo ndi iwo amene atsogolera adzukulu kumanda m'mawa uno.

Kuchokera pamenepo malemu anasintha kagwiridwe ka ntchito. Munthu akabwera kudzalembetsa imfa, ankamufunsa ngati anaona mtembo kapena anathira nawo dothi. Wonena kuti anangomva ankabwerera wopanda pepala, ndipo dzina la wosowayo linkalowa m'buku lina, la ofunidwa. Ndikudziwa kuti ena mwakhala panomu munatuluka m'nyumba ija mukutukwana. Munawapatsa dzina loti aMunaonako, ana mpaka ankawaitana choncho pamsika. Akuluakulu awo antchito anawauzapo kuti akuchedwetsa anthu, koma iwo sanasunthe.

Buku la ofunidwalo silinkangokhala patebulo. Tsiku la msika wa pamalire, malemu ndi Mayi Graça ankaima pa ngolo n'kumawerenga maina mokweza, Bambo Augusto akuzungulira m'khamu kufunsa amene wadziwapo wina. Pofika Junho chaka chino anali atapeza amoyo anthu 73 amene achibale awo anali atataya mtima, ambiri mwa iwo ana. Analembanso mwatsopano mapepala a kubadwa a ana oposa 600 amene awo anapsa, kuti athe kulemba mayeso. Pa 25 Junho a Konselyu anawathokoza atatuwa pamaso pa anthu, ndipo malemu analandira njinga. Sanaikwereko, chifukwa matenda anali atawagwira kale.

Lamulo lawo lija linadzawaluma okha. Mu Março 1990 munthu wina wochokera ku Macanga anafika kumsasa n'kuuza Mayi Laura kuti mudzi wa kwawo unatenthedwa ndipo nkhalamba zonse zinathera momwemo. Mayi Laura analira, natumiza uthenga kuti mlongo wawo apite akamete, mzimu wa mayi ugone. Malemu anapita, nafunsa munthu uja ngati anaona. Iye anati anamva kwa wina. Pamenepo malemu anakana kumeta. Mayi Laura anawauza kuti asandutsa mayi wowabala nkhani ya muofesi, ndiponso kuti akukana chifukwa cha manyazi oti anathawa n'kuwasiya. Mawu amenewo anawalasa, ndipo pobwerera anandiuza panjira kuti mwina mlongo wawo sananame. Anatha chaka ndi miyezi osalankhulana. Ine ndemwe ndinali mbali ya Mayi Laura, ndipo ndinawauza alamu anga kuti kuumira kwinaku n'kuzunza amoyo. Komabe tsiku lililonse la msika dzina loyamba kuwerengedwa pa ngolo paja linali la Lucrécia Nambewe.

Anayamba kutsokomola mu Janeiro chaka chino, koma ntchito sanasiye mpaka mwezi wa Maio. Tinapita nawo kuchipatala cha tsidya lija la malire, kumene anagonekedwa masabata atatu. Anapezako bwino pang'ono, n'kubwerera kunyumba, koma mu Julho chifuwa chinabwerera ndi mphamvu. Paja chibale ndi fupa, sichiola: Mayi Laura atamva ananyamuka kumsasa, nadzawadwazika masiku khumi ndi awiri omaliza. Za mkangano uja sanakambirane. Malemu anangowapatsa mlongo wawo buku la ofunidwa kuti akalipereke kwa Mayi Graça, nawapempha kuti dzina la pamwamba lisafufutidwe. Anatisiya Lachiwiri pa 6 Agosto 1991, dzuwa likupendeka, ali ndi zaka 47.

Ife apabanja tikuthokoza a Konselyu chifukwa cha matabwa a bokosi, ndi Mayi Graça ndi Bambo Augusto amene sanadumphe tsiku osadzawaona. Tikuthokoza a mpingo, amayi amene agona pano masiku awiri m'chisanu chino, adzukulu, ndi anyamata anayi amene anawanyamula pamachira kupita kuchipatala ndi kubwerera. Tilibe chokubwezerani. Tikupepesanso kwa eni mbumba, kulikonse ali, kuti tikuika mwana wawo kuchilendo iwo osadziwa, pakuti njira ya ku Furancungo sikupitika.

Malemu asiya mkazi wawo, Mayi Emília. Asiya ana anayi, Tomás, Vasco, Raimundo ndi Lucrécia wamng'ono, ndi zidzukulu ziwiri. Asiya mlongo wawo, Mayi Laura.

M'mawa uno polemba mbiriyi ine ndinalekera pamenepo. Ena pabanja anati ndachita bwino, pakuti zaka zisanu n'zambiri kwa nkhalamba ya m'tchire. Amene anandigwira dzanja ndi Mayi Laura, omwe aja ankafuna kumeta. Anati: "Alamu, ine sindinaone. Lembani."

Choncho malemu asiyanso mayi wawo wowabala, Mayi Lucrécia, aNambewe, a ku Macanga. Inu amene mudzayambe kupita kumeneko njira ikadzatseguka, mukawapeza, mukawauze modekha kuti mwana wawo Avelino wagona ku Tsangano, ndipo anawafunafuna mpaka mawu anamuthera.

Alamu anga, pitani bwino. Mulungu alandire mzimu wanu, muuse mumtendere.