Babatoni Wanga Samveka pa Kafoni

Pepani a wailesi, sindidziwa kulemba bwino, koma mtima wandikakamiza.

Timaimba jazi atatu kuno ku Mitundu: wagitala, wang'oma, ndi ine wa babatoni, besi ya chingwe chimodzi ija. Titajambula chimbale chathu, anyuzipepala anatamanda anzangawo, ine osanditchula n'komwe. Amayi atamvera pa kafoni kawo anafunsa, "Nanga iwe uli pati, mwanawe?" Kafoniko sikatulutsa besi. Nsanje inandidya mpaka ndinauza anzanga kuti afune wina.

Kenaka paukwati ku Nathenje anaika nyimbo yathu pa masipika akuluakulu. Amayi anagwira pachifuwa.

"Chikugunda munomu n'chiyani?"

"Ndine, amayi."

Ndinabwerera kwa anzanga tsiku lomwelo, Loweruka lomaliza la Ogasiti.